Lachiwiri ndi Lachisanu ndi Masiku Anga

Tsiku limene Wiebe anabwera nayo
ndinaseka mpaka kutsamwa khofi.
Bambo wa imvi, amene wapalasa njinga moyo wake wonse,
pamvula, pachipale, pamphepo ya ku Workum,
lero ali chagada pakhomo panga
ngati kamba wogadabuzika,
miyendo kutsogolo, matayala atatu,
kambendera kofiira kakuvina pamwamba pa dazi.

Ndinati: Aphiri anga a m'dziko lopanda phiri,
bedi lili m'nyumba.
Iye osayankha. Anangopalasa, ulendo.

Ndisaname, chifukwa chake ndinkachidziwa.
Nyengo yozizira ija anagwa pa mlatho wa ngalande,
chiuno chinathyoka ngati bisiketi,
miyezi isanu anakhala pawindo
kuwerenga njinga za eni.
Ndipo asanagwe n'komwe, chishalo chinali chitamukola:
khosi gwa, zikhatho dzanzi,
msana ukudandaula kuyambira pageti.

Tsopano akabwerako ankanena zachilendo.
Akuti nkhosa za pachiunda chotchinga nyanja
zimamuyang'ana m'maso ngati mnzawo.
Akuti mphepo imene inkamukankha pachifuwa
imangomulumpha.
Akuti waona mimba za atsekwe akuuluka,
pamene zaka zonsezi ankaona phula
ndi tayala lakutsogolo basi.
Dokotala anamuyeza magazi kawiri,
kenaka anafufuta piritsi limodzi papepala.
Usiku mkonono wake wakale unabwerera,
uja wa munthu wotopa bwino.

Ine phee, ndi nyamakazi yanga.
Manja awa satsegulanso botolo la jamu.
Njinga yanga yakuda yatha zaka zitatu m'shedi,
akangaude anachita kugawana masipoko.

Lachiwiri lina anakwera basi ya ku Sneek
kukachotsa dzino.
Ine ndinalowa m'shedimo kukatenga tsache,
tsache lokha, Mulungu ndi mboni.
Ndinakhalapo kuti ndingomva.

Mpando unalandira msana wanga wonse
ngati chikhatho.
Manja anagona m'mbali mwa chiuno,
opanda chowasenzetsa.
Phazi linakankha lokha, linzake n'kuyankha,
geti linali lotsegula,
ndiye mlandu ndi wa geti.

Aukje woyandikana nafe anali akuyanika zovala,
anaima kukamwa yasa, sokosi m'manja.
Ndinamukwezera dzanja, osadzandira.
Pamphambano ndinaima osatsitsa phazi,
osasaka pansi ndi chala monga kale.
Maondo anayamba ndi kung'ung'udza,
atafunda analeka.
Mtima unagogoda m'chifuwa
ngati mlendo amene anasowa kalekale
koma akukumbukira khomo.

Pamwamba pa mlatho uja, pamene iye anagwera,
ndinamanga mabuleki.
Ndinakhala pomwepo, wotsamira,
ndikumung'unya switi ya m'thumba la juzi,
bwato likudutsa pansi panga,
mwana wa m'bwatomo akuloza kambendera.
Mantha amene ndinkasungira malo amenewo
ndinawafuna, osawapeza.

Ndinafika ku Makkum. Sindinakonze zimenezo.

Pobwerera ndinamupeza pakhonde,
tsaya lotupa, thonje m'kamwa,
chitseko cha shedi chili pululu.
Anayang'ana matope a m'matayala,
anayang'ana masaya anga ofiira ndi mphepo.
Mwayi wanga, jakisoni anali asanathe mphamvu,
lilime lake linali likadagona.

Anangolowa n'kutenga sipanala,
n'kufupikitsa chitsulo cha mapedulo
kuti chifanane ndi miyendo yanga,
n'kulembapo timizere tiwiri ta penti:
kobiriwira kake, kachikasu kanga.

Yachiwiri ndi yodula.
Tikuponya ndalama m'chitini cha tiyi,
mwina chaka chamawa, tikakhala tilipo.
Pakadali pano kalendala ya kukhitchini yagamula:
Lachiwiri ndi Lachisanu ndi masiku anga,
ena anayi ndi ake, poti ndiye anathyoka chiuno.
Za Lamulungu
tikukanganabe.